Malumbiro a m'chilimwe amathera kuti dzinja likafika?

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanuyi ndilankhule ndi Akhristu anzanga a m'chigawo cha Tete, makamaka a kuno ku Angonia, ku Tsangano, ku Makanga ndi ku Chifunde, osaiwala abale athu amene adatsikira ku Moatize kukasaka ntchito ku migodi ya malasha.

Chaka ndi chaka, kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, ntchito ya kumunda ikapepuka, mipingo imachititsa misonkhano ya chitsitsimutso. Anthu amadzaza m'zisakasa, mlaliki amaitana ofuna kutembenuka mtima, ndipo ambiri amapita kutsogolo misozi ili chuchuchu. Misozi imeneyo ine sindiikayikira. Koma mkulu wa mpingo aliyense wosunga kaundula akudziwa kuti ikamafika Febuluwale ena mwa mayina omwewo amakhala atafika kale pabwalo la akulu, ndipo mu Juni, ndalama za fodya, soya ndi mbatatesi zikalowa m'thumba, enanso amatsatira. Timangoti "adabwerera m'mbuyo", nkhani n'kuthera pomwepo.

Mlandu waukulu ndikuuika pa ife ophunzitsa, chifukwa chiyero timachiphunzitsa chadodolido. Munthu akangoimirira kutsogolo timamusenzetsa mtolo wa malamulo: usamwe, usasute, usapite kudambwe, siketi ipitirire mawondo, usajombe kumapemphero. Zambiri mwa zimenezi n'zabwino ndithu. Chimene timasiya ndi kumuuza zimene Mulungu wachita kale ndi zimene walonjeza kuchita mwa iye. Ndiye amabwerera kwawo atanyamula lumbiro lake lokha, pamene lumbiro la munthu limalimba m'nkhokwe mukakhala chimanga.

Tsegulani kalata ya Paulo kwa Akolose muone m'mene adaiyalira. Ndi yaifupi, mitu inayi, mavesi 95, yotheka kuwerenga yonse pa mphindi 20. Pa 2:12 akuti mu ubatizo tidaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu, ndipo tidaukitsidwa naye pokhulupirira ntchito ya Mulungu amene adamuukitsa kwa akufa. Onetsetsani kumene chikhulupirirocho chaloza. Chaloza ku ntchito ya Mulungu, pomwe ife kawirikawiri timachilozetsa ku kuchuluka kwa misozi yathu kapena ku dzanja la mlaliki amene adatisanjika. Akafika pa 2:20-23 akutchula malamulo aja oti usagwire, usalawe, usakhudze, n'kunena mosapsatira kuti amaoneka ngati nzeru koma alibe mphamvu yoletsa zilakolako za thupi. Lamulo loti tiphe dama, chisiriro, mkwiyo ndi bodza likudza pambuyo, pa 3:5-9, ndipo latsamira pa mawu oti "chifukwa chake". Mudafa, mudauka, moyo wanu wabisika pamodzi ndi Khristu mwa Mulungu, chifukwa chake vulani zakalezo. Ife timayambira pa 3:5, kumanga denga zipupa kulibe.

Paulo sakuyamba yekha nkhaniyi. Pa Ezekieli 36:26-27 Mulungu akuti adzachotsa mtima wamwala, adzaika Mzimu wake mwa anthu ake, ndipo iye mwini adzawayendetsa m'malamulo ake. Pa 1 Atesalonika 5:23-24, pemphero loti Mulungu atiyeretse kwathunthu likutha ndi chitsimikizo choti woitanayo ndi wokhulupirika ndipo adzachita. Afilipi 1:6 akuti amene adayamba ntchito yabwino mwa ife adzaitsiriza.

Alipo ena akamva izi amapinda manja n'kumati, "Mulungu akadzafuna adzandisiyitsa mowa." Ameneyo awerenge Afilipi 2:12-13, pamene zonse ziwiri zili m'chiganizo chimodzi: gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti amene akuchita mwa inu kufuna ndi kuchita komwe ndi Mulungu. Yesu adanena za mlimi amene amafesa, n'kumagona ndi kudzuka, mbewu n'kumera iye osadziwa m'mene yamerera (Marko 4:26-29). Mlimi wa ku Domwe sangaphukitse njere imodzi ya chimanga. Koma akudziwa kuti akapanda kupalira m'masabata atatu oyamba, kapena akachedwa ndi ureya chimanga chitafika m'mawondo, adzakolola mapesi. Amapalira chifukwa akudziwa kuti m'nthakamo muli chamoyo. Munda wosabzala palibe amaupalira.

Ndipo kuno sitisowa umboni woti Mulungu amasunga ntchito yake. Mu 1922 boma la Apwitikizi lidatseka ntchito ya amishoni a Dutch Reformed amene adayambira ku Mphatso. Akhristu adatsala ndi akulu ampingo okha kwa zaka makumi angapo, ubatizo ndi mgonero kumakazilandira kutsidya kwa malire, ku Nyasaland. Nkhondo ya pachiweniweni idabwera, midzi yathunthu n'kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ansembe awiri a Chijezwiti n'kuphedwa ku Chapotera mu 1985, mpaka mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Chikhala kuti chiyero chimadalira woyang'anira woima pambali ndi chikwapu, bwenzi lero kulibe mpingo uliwonse m'mapiri muno.

Tsono kukhulupirira ntchito ya Mulungu kumaoneka bwanji Lolemba m'mawa?

Kumayamba ndi mphindi 15 musanatenge khasu. Madzulo ambiri amalephera, popeza munthu wochokera kumunda akadya nsima vesi lachiwiri limamupeza akusinza. Baibulo musamalitsegule mwachisawawa n'kuloza chala ngati mukuombeza ula. Musayambirenso ku Genesis pofuna kulimaliza lonse, ambiri amene amatero amafera mu Levitiko. Tengani buku limodzi lalifupi. Akolose pa mavesi 10 patsiku amatha m'masiku 10, ndiye mubwereze katatu mwezi uthe. Mukatero pitani ku Aefeso 4 mpaka 6, Aroma 6 mpaka 8, kenaka Marko, mutu umodzi patsiku kwa masiku 16. Ambiri kuno tidaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, choncho timapunthwa pa Chinyanja cholembedwa, mwana amaona "chiyero" n'kuwerenga "shiyero". Mankhwala ake ndi kuwerenga mokweza, khutu limakonza zimene diso laphonya. Amene sadziwa kuwerenga apemphe mwana wasukulu, kapena aike Baibulo lomvetsera pa memori kadi ya foni.

Popemphera, kayalidwe kakhale komwe kaja ka Akolose. Yambani ndi kunena mokweza zimene Mulungu wachita, monga Aroma 6:11 akutiuza kudziwerengera kuti ndife akufa ku uchimo ndi amoyo kwa Mulungu mwa Khristu Yesu. Mawu oti kudziwerengera ndi a munthu wosunga kope la ndalama, amalemba chimene chilipo ngakhale tsiku limenelo sakuchimva m'thupi. Kenaka tchulani yesero la tsikulo, nthawi yake ndi malo ake. Pemphero loti "mundikhululukire machimo anga onse, odziwa ndi osadziwa" n'losavuta chifukwa silikhudza kanthu. Lothandiza ndi ili: "Ambuye, lero ndi tsiku la msika, masana ndikhala ndi ndalama za nyemba m'thumba, ndipo njira yobwerera ikudutsa pa baraka pogulitsa mowa paja." Mukatero sankhani chochita musanatuluke m'nyumba. Pa 1 Akorinto 10:13 Mulungu akulonjeza populumukira pa yesero lililonse, ndipo kawirikawiri populumukirapo sipakhala pozizwitsa. Ndi njira ina yodzera kudimba, ndi kuika ndalamazo mu akaunti ya pafoni ya M-Pesa kapena e-Mola musanachoke pamsika, ndi kupita ndi mayi a kunyumba kuti thumba asunge iwo.

Ndichedwepo pamsika, chifukwa ndi pamene chiyero chathu chimaululika ndipo ndi pamene maulaliki athu safikapo.

Ndowa ya malita 20, imene kuno timati lata, ndiyo muyeso wa chimanga, nyemba ndi soya m'misika yambiri, ndipo ndowa zitatu zimangotsala pang'ono kudzaza kapena kupitirira thumba la makilo 50. Ogula ena amaimenya pansi ndi mtengo kuti itupe. Tinene kuti yatupa n'kumadya kilo imodzi yoonjezera. Wogula ndowa 50 patsiku waba thumba lathunthu dzuwa lisanalowe, ndipo Lamulungu akubwera kudzaimba kwaya. Nayenso wogulitsa ali ndi nzeru zake: kuwaza madzi pa soya kuti alemere, kusakaniza mchenga, kuika mbatatesi zikuluzikulu kukamwa kwa thumba pamene pansi pali tizinthu tonga mazira a nkhunda, kubisa fodya wa giredi yotsika pakati pa belo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena amalandira feteleza wa ngongole wa fodya n'kumugulitsa, kapena fodyayo akauma amamutulutsa usiku kwa ogula a m'mbali kuti ngongole isadulidwe. Mneneri Amosi adaziona zomwezi (8:5-6), anthu ochepetsa muyeso, okometsa sikelo, ogulitsa ndi zinyalala zomwe za tirigu. Alimi a tirigu a ku Tsangano safunika kuwamasulira vesi limeneli.

Kukonza kwake n'kosavuta kufotokoza. Deuteronomo 25:13-15 akuletsa kukhala ndi miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono, choncho ndowa yogulira ikhale yomweyo yogulitsira. Iyeseni ndi madzi: chigubu cha malita asanu chikhuthulidwe kanayi, madziwo afike pamlomo. Akatsalira m'munsi, ndowayo njotupa, itayeni kapena ikhale yotungira madzi. Sikelo iyeseni ndi paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula, kapena ndi madzi, poti lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi. Chitani zimenezi wogulitsa akuona. Mbatatesi zisankheni patatu, zazikulu, zapakati ndi zing'onozing'ono, chilichonse thumba lake ndi mtengo wake, ndipo wogula akafuna kukhuthula thumba mlekeni akhuthule.

Chovuta ndi chakuti wochita zimenezi amataya ndalama, makamaka chaka choyamba, pamene anzake a ndowa zotupa akugula njinga zamoto. Sindingakunamizeni kuti mudzalemera. Ena makasitomala amabwerera kwa munthu wokhulupirika, ena sabwerera. Apa m'pamene lumbiro la pamsonkhano limakomoka, chifukwa lumbiro silidyetsa ana. Amene angathe kutaya ndowa yotupa ndi amene wakhulupirira mawu a pa Ahebri 13:5, pamene chenjezo la kukonda ndalama lamangiriridwa ku lonjezo loti Mulungu sadzatisiya kapena kutitaya. Kuba pamuyeso muzu wake ndi mantha a mawa, ndipo mantha sachoka ndi lamulo.

Januwale ndi Febuluwale amabweretsa mayesero awo. Ufa ukatha, wosauka amapita kuganyu, ndipo amene ali ndi nkhokwe amayamba katapila, thumba limodzi lero, awiri pokolola. Eksodo 22:25 akuletsa kudya chiwongoladzanja pa wosauka. Levitiko 19:13 akuti malipiro a waganyu asagone m'nyumba mwanu mpaka m'mawa, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro obedwa a okolola amafuula mpaka kufika m'makutu a Ambuye. Choncho pangano la ganyu limveke ntchito isanayambe: mizere ingati, kuyambira pati kulekeza pati, ndalama kapena ufa wochuluka bwanji. Malipiro aperekedwe tsiku lomwelo. Ngati mulibe, nenani munthuyo asanaweramire pamzere, osati atamaliza kubandira n'kumuuza kuti "mubwere Loweruka".

Mpingo ungathandize pamenepa koposa kungodzudzula. Pa chimanga cha masika, matumba angapo asagulitsidwe. Chiumitsidwe bwino, ndipo kuti mudziwe ngati chauma ikani dzanja limodzi la chimangacho m'botolo lagalasi louma, thiranimo mchere wouma, tsekani, khutchumulani. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyontho, chiyanikeninso. Chithiridwe mankhwala oteteza ku anankafumbwe motsata muyeso wolembedwa pa paketi, matumba asanjikidwe pa mitengo, asakhudze pansi kapena khoma. Mu Januwale wosowa abwereke ndowa, pokolola adzabweze ndowa. Nkhokwe zotere zimafa ndi zinthu ziwiri, kiyi kukhala kwa munthu mmodzi, ndi komiti ya zomangamanga kugulitsa chimangacho mu Okutobala pofuna simenti. Osunga akhale atatu, ndipo kope liziwerengedwa pamaso pa mpingo wonse kamodzi pamwezi.

Nanga amene adaba kale atani? Apa ambiri timadumpha. Levitiko 6:1-7 ndi Numeri 5:6-8 akupereka masamu ake: bweza chinthu chonsecho, uonjezepo gawo limodzi mwa magawo asanu. Wobera mnzake mametikali 1,000 abweze 1,200. Ndowa zisanu zibwerere zisanu ndi imodzi. Mwini wake akakhala kuti adamwalira, zipite kwa wachibale wake. Zakeyu adabweza kanayi, koma mwa kufuna kwake, ndipo onani kuti adatero Yesu atalowa kale m'nyumba mwake (Luka 19:1-10). Kubweza sikugula chikhululukiro, kumatsatira pambuyo pake. Amene sangathe kubweza kamodzi apite ndi mkulu wa mpingo mmodzi monga mboni, avomere, apangane zopereka pang'onopang'ono, n'kulemba. Cholakwika chofala ndi kutenga ndalama yobayo n'kuiponya m'mbale ya chopereka kuti mtima uzizire, pamene mwini wake akukhala nyumba yachitatu kuchokera panu. Mateyu 5:23-24 akuti siya mphatso yako paguwa, yamba wakayanjana ndi m'bale wako.

Za mowa ndinenepo zitatu zimene zimasokonekera kawirikawiri. Choyamba ndi nyumba yosesedwa koma yopanda wokhalamo ija ya pa Mateyu 12:43-45. Munthu amene kwa zaka khumi wakhala pa baraka kuyambira 4 koloko madzulo mpaka usiku, akasiya mowa amatsala ndi maola anayi opanda chochita ndiponso opanda anzake. Akapanda kudzazidwa maola amenewo, ndi kudimba, ndi kwaya, ndi kucheza kwa abale, abwerera sabata yachitatu isanathe. Aefeso 4:22-32 sanena kuvula kokha, paliponse akuvula akuvalanso: wabodza anene zoona, wakuba agwire ntchito kuti akhale nacho chopatsa osowa. Chachiwiri ndi cha thupi. Munthu amene wakhala akumwa kachasu kapena nipa tsiku ndi tsiku, akasiya mwadzidzidzi atha kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zoti palibe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu m'masiku awiri kapena atatu oyamba. Zimenezi si ziwanda zikutuluka, ndipo zitha kupha. Mupemphererereni, koma mupite naye kuchipatala. Chachitatu ndi amayi otcheza kachasu. Ambiri ndi amasiye, ndipo m'mphika umenewo ndi momwe mumachokera sopo ndi makope a ana. Kungowaopseza ndi kuwadula kumawaphunzitsa kutchezera kumunda usiku. Amayi a Chigwirizano kapena a mphakati asonkhe kampamba ka mandasi, thobwa kapena tomato, apo ayi tisadabwe.

Poti tatchula chipatala: aliyense amene akuuzani kuti kusiya ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi ndiko kuonetsa chikhulupiriro, akukutsogolerani kumanda. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi wodwala shuga asaumirizidwe kusala kudya. Ndipo madzi kapena mafuta ogulitsa m'tibotolo kuti akuyeretseni, Petro adayankha kale nkhani yake pamene Simoni adafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama (Machitidwe 8:18-20).

Zithumwa nazo muzu wake ndi mantha. Mukadula mkuzi wa mwana mokakamiza pa tsiku la ubatizo, agogo ake amumanga wina usiku womwewo. Ku Efeso anthu adatentha okha mabuku awo amatsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000 (Machitidwe 19:18-19), koma adatero atayamba akhulupirira. Phunzitsani kaye Akolose 2:15, kuti Khristu adavula zida maulamuliro onse pamtanda, muonetsenso mayiyo njira ya kusikelo ya ana, chithumwacho adzavula yekha.

Tsopano tsiku lakugwa, poti lidzafika. Chimene chimaononga anthu ambiri si kugwako, ndi masabata otsatira. Munthu waledzera Lachisanu, Lamulungu achita manyazi osapita kutchalitchi, mumtima muli mawu oti "wadetsedwa kale, ingomaliza, udzalapa pamsonkhano wa chaka chamawa". Mawu amenewo amamveka chifukwa munthuyo ankadalira mbiri yake yoyera, ndipo mbiriyo yang'ambika. Wodalira ntchito ya Mulungu maziko ake sadasunthe. Pa 1 Yohane 1:9 chikhululukiro chatsamira pa kukhulupirika ndi chilungamo cha Mulungu, ndipo 2:1 akuti wina akachimwa tili nayo Nkhoswe kwa Atate. Nkhoswe tonse tikuidziwa ntchito yake, siithawa banja likavuta, ndi pamene imafika. Choncho tsiku lomwelo vomerani kwa Mulungu, tchimolo mulitchule dzina. Dzuwa lisanalowe kawiri uzani mnzanu wokuyang'anirani. Kenaka mulondole mapazi chobwerera, mupeze pamene zidayambira. Nthawi zambiri sipakhala pa botolo kapena pakhomo la mkazi uja. Pamakhala pa mkangano wa m'nyumba wa Lachitatu umene sudakambidwe, pa nambala imene simudafufute m'foni, pa ndalama zimene mudabisa. Pamenepo m'pofunika kutseka. Lamulungu pitani kutchalitchi, ngakhale kukakhala kumbuyo kwenikweni.

Mnzanu wokuyang'aniraniyo ndi ndani? Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana. Khalani awiri kapena atatu, amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, kamodzi pasabata, theka la ola, tsiku lokhazikika. Mafunso akhale omwewo sabata iliyonse kuti pasakhale kuzemba: mwawerenga chiyani ndipo chikunena chiyani za ntchito ya Mulungu, mwayesedwa pati ndipo zidatha bwanji, sabata ikudzayi poterera ndi pati. Timagulu totere timafa m'njira zodziwika. Tikakula kufika anthu khumi timasanduka mapemphero wamba, aliyense "ndili bwino, tithokoze Ambuye". Mukakhala mwamuna ndi mkazi amene si banja, mwatsegula khomo la tchimo lomwe mumathawalo. Mukakhala wangongole ndi mwini ngongole, wina sangalankhule momasuka. Ndipo nkhani ikangotuluka kamodzi n'kumveka pachigayo, basi, palibe adzaululenso m'mudzi umenewo kwa zaka. Chinsinsi chili ndi malire amodzi: kugwirira mwana kapena kumenya mkazi mpaka kumuvulaza sikubisidwa m'dzina la pemphero, kumapita kwa akulu ndi kwa apolisi.

Kwa akulu anzanga, mwambo wa mpingo tauchepetsa mpaka wangotsala kuwerenga dzina kutsogolo. Munthu tamudula, miyezi isanu ndi umodzi palibe wapondako pakhomo pake, ndiye tikuyembekeza kuti adzabwera yekha kudzapempha kubwezedwa. Agalatiya 6:1 akuti wogwidwa m'cholakwa timubweze ndi mzimu wofatsa, tikudziyang'anira tokha, paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa 2 Akorinto 2:6-8 Paulo akuuza mpingo kuti chilango chakwana, tsopano mutonthozeni, angamizidwe ndi chisoni. Tsiku lomwe dzina lawerengedwa, pasankhidwe mkulu mmodzi kapena mayi mmodzi wachikulire womuyendera masabata awiri alionse. Ndipo tiyang'ane amene timadula. Mtsikana wa mimba saphonyeka chifukwa mimba siibisika. Amene adampatsa mimbayo, ndi wamalonda wa ndowa yotupa, ndi wakatapila, kawirikawiri amakhalabe pampando wakutsogolo chifukwa adagula malata a tchalitchi. Achinyamata amaziona zimenezi, ndipo amaphunzirapo kuti chiyero ndi luso losagwidwa.

Pempho langa kwa abusa, ansembe, alaliki ndi ophunzira a kusukulu ya zaubusa ya Hefsiba ku Ulongwe amene amatumizidwa m'midzi nthawi ya misonkhano ndi ili. Mwa maulaliki a msonkhano, loyamba lonse likhale la zimene Mulungu wachita mwa Khristu, malamulo adze pambuyo monga Paulo adachitira. Aliyense wobwera kutsogolo alembedwe dzina, mudzi ndi nyakwawa yake, ndipo asachoke pabwalopo asanapatsidwe munthu womuyendera. Woyendera mmodzi asapitirire anthu asanu. Ulendo woyamba uchitike masiku asanu ndi awiri asanathe, wachiwiri mvula ikayamba, wachitatu pakati pa Januwale ufa utachepa, wachinayi mu Meyi misika isanatsegulidwe, ndipo ulendo uliwonse ulembedwe tsiku lake. Kope limodzi ndi cholembera zikwanira pa ntchito yonseyi, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa mafuta a jenereta a usiku umodzi wa msonkhano.

Ine wanu,
Mkulu wa mpingo,
Domwe, Angonia